Imelda Athokoza Pagulu

1. Uthenga wa ku Nsanamira

Sabata imeneyo mu Lusaka munkazizira koopsa. Unali mwezi wa Juni, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapepala m'misewu ya ku Kabwata, dzuwa osaoneka n'komwe. Lachinayi masana, Imelda Soko atangoweruka kusukulu, anathamangira ku ofesi ya bungwe la Nsanamira chifukwa anali atamuitanitsa.

Imelda anali mtsikana wa Giredi 12, wanzeru ndiponso wa pakamwa pakuthwa. Pa mipikisano ya mtsutso sukulu yawo inkadalira iyeyo. Bambo ake, a Mabvuto Soko, anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ndi amayi ake, a Cathy, amene ankagulitsa kapenta ndi nyemba ku msika wa Soweto.

Bungwe la Nsanamira ndilo linkamuphunzitsa. Analiyambitsa ndi Amayi Rhodah Njovu zaka makumi atatu zapitazo, m'galaja ya nyumba yawo ku Chelstone. Linkathandiza ana amasiye, akazi olandidwa katundu pamaliro a amuna awo, ndi anthu otuluka m'ndende amene abale awo sankawafunanso.

Mayi ameneyu anali ndi kachitidwe kakekake. Thandizo lake silinkalowera pakhomo lakutsogolo. Nsapato za sukulu ankazikulunga m'thumba lakale la ufa n'kuzipereka kwa kholo mwakachetechete, kuti kholo ndilo limpatse mwanayo. Ankati mwana azithokoza amayi ake, osati ofesi. Zojambula anthu polandira thandizo ndiye sankafuna n'kuzimva komwe.

Tsopano anali atakalamba ndipo ankapuma pa ntchito. Loweruka kunali phwando lotsanzikana nawo ku Kabulonga. Wolowa m'malo mwawo anali a Hector Kamanga, munthu wachinyamata, wophunzira bwino, wokonda ntchito yake, koma wothamanga magazi.

"Shani Imelda! Bwela, nkala pansi," anatero a Hector mu Chinyanja cha m'tauni. "Manje mvela. Pa Chiwelu tifuna mwana umozi akakambe m'malo mwa onse amene tiphunzitsa. Tasankha iwe."

"Ine, ba Hector?"

"Iwe wamene. Koma usakakambe chabe za nsapato na mabuku. Kuzabwela anthu akuluakulu, aja amene amatipasa thandizo. Ba Njovu akachoka, sitiziba ngati azapitiliza. Afunika amvele mu mtima. Ikamo mchele, wamvela?"

Imelda anavomera mosangalala. Akutuluka, anamva mawu kuchokera m'kachipinda ka pambali. Anali Amayi Njovu, akulongedza mabuku awo m'makatoni. Anamuuza kuti atseke chitseko, akhale pansi.

"Ndamva kuti Loweruka ulankhula ndiwe," anayamba motero. "Ine phwando limeneli sindinalifune, koma a komiti andikakamiza, ndiye ndingatani. Tsono tamvera, mwanawe. Pali zinthu zimene ndi zako, ndipo pali zina zimene wangosungitsidwa. Nkhani ya sukulu yako ndi yako, ukaikambe mmene ungafunire. Koma nkhani ya amayi ako si yako, ngakhale unalimo. Si yanganso. Mwini wake ndi Cathy. Tsiku loikamba adzasankha yekha, kapena adzapita nayo kumanda, zimenezo ndi zake. Ine ndaona zambiri pa ntchito imeneyi. Munthu akaimirira kutsogolo, maso onse ali pa iye, pakamwa pamayabwa. Amayamba ndi zimene anakonza, kenako amawonjezera zimene sanakonze. Iwe ndakulera, ndikukudziwa: ukaona anthu akumvetsera suleka. Ukandithokoze pang'ono, ukakhale pansi. Wamva?"

"Ndamva, Amayi," anayankha Imelda.

Inu owerenga muyenera kudziwa chimene Amayi Njovu ankatanthauza. Kale banja la a Soko linkakhala ku Makeni, ndipo a Cathy ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Woodlands. Amuna awo atadwala kwambiri, a Cathy anatenga mphete ya abwana awo n'kukaigulitsa kuti agule mankhwala. Bamboyo anamwalirabe. Maliro atangotha, apolisi anawatenga, ndipo khoti linawapatsa chaka chimodzi m'ndende. Pafupifupi chaka chonsecho Imelda anakhala ku Chelstone kwa Amayi Njovu. Aliyense wofunsa ankauzidwa kuti amake Imelda ali kwawo ku Katete. Atatuluka anasamukira ku Kabwata n'kuyamba moyo wina. Kumsika ndi kutchalitchi kunalibe ngakhale mmodzi wodziwa nkhaniyi.

2. Bulawuzi yoyera

Lachisanu madzulo magetsi anali atazima monga mwa masiku onse. Imelda anapeza amayi ake akusita ndi simbi ya makala. Patebulo panali bulawuzi yoyera, yatsopano, imene amavala amayi a Chigwirizano kutchalitchi kwawo. A Cathy anali ataphunzira zaka ziwiri kuti alowe m'gululo. Lamulungu likubweralo ndilo linali tsiku lawo: mayina aitanidwa mmodzimmodzi, ndipo amayi busa akamuveka aliyense bulawuzi yake pamaso pa mpingo wonse.

"Usayandikire, manja ako ali ndi inki," anatero a Cathy. Anaiyala nsalu ina pamwamba kuti khala lisaigwere.

Imelda anawawerengera zimene analemba. Munali za nsapato, za mabuku, ndi za tsiku limene Amayi Njovu anabwera kusukulu kudzaonerera mtsutso wake woyamba. A Cathy anagwedeza mutu.

"Zili bwino. Zikwanire pomwepo."

"Koma Amami, zachepa," anadandaula Imelda. "Chachikulu chimene anatichitira sindinachilembe. Nanga kuthokoza n'kumeneku? Bwanji osangowauza anthu? Si Mulungu anakukhululukirani kale?"

A Cathy anaimika simbi pa njerwa n'kumuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Imelda, iwe sukulu ukuidziwa, koma anthu sunawadziwe. Mulungu anandikhululukira, inde, ndipo ndimagona tulo. Koma anthu amasunga. Ukudziwa chimene chimachitika ku Soweto munthu akadziwika kuti anagonapo m'ndende? Wina akataya foni, maso onse amabwera kwa iwe. Thumba la nyemba likasowa, safunsanso kawiri. Kutchalitchi ndiye sadzanditukwana ayi, adzandimwetulira, koma makiyi a kukhitchini sadzandipatsanso. Ine ndinalakwa, ndinalandira chilango changa, ndinachimaliza. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikumanga dzina limeneli pang'onopang'ono. Lachinayi lililonse ndakhala ndikutseka benchi kumsika masana, makasitomala akuchita kundiitana, kuti ndikaphunzire za Chigwirizano. Mkuja ndikavala bulawuzi iyi, ndidzadziwa kuti ndabwereradi pakati pa anthu. Tsiku lina ndikadzalimba mtima ndidzapita ndekha kwa amayi busa, ndidzagwada, ndidzawauza ndi pakamwa panga. Koma tsiku limenelo ndisankha ndine. Usandilande chimenechi, mwana wanga. Ndilibe china."

"Sindinganene, Amami. Ndalonjeza."

Analonjezadi, ndipo sankanama. A Cathy anapachika bulawuziyo pa hang'ala kuseri kwa chitseko, n'kuyamba kukonza zamawa. Amayi a Chigwirizano anali atapemphedwa kukaimba ndi kukagawa chakudya kuphwandoko, ndipo iwonso anali m'gulu lothandiza.

3. Ku Kabulonga

Phwando linachitikira pa loji ina ya mpanda wautali. Anamanga tenti yoyera pa kapinga, koma mphepo inkalowabe pansi, anthu n'kumangokoka majuzi. Kutsogolo anapachika chinsalu chachikulu chokhala ndi nkhope ya Amayi Njovu. Tangoganizani, munthu amene zaka makumi atatu anakana kujambulidwa! Mwini nkhopeyo anakhala pansi pa chinsalucho atavala chikhoti chakuda, akungoyang'ana manja ake.

Kunabwera anthu a makampani, madokotala, aphunzitsi, abusa ndi amayi busa. Wapampando wa komiti anafotokoza ntchito za mayiyo: ana ambirimbiri amene anamaliza sukulu, mijigo ya madzi m'makomboni, nyumba yosungira akazi amasiye ku Makeni, milandu ya katundu wa amasiye imene anailondola mpaka kukhoti. Anthu anawomba m'manja, amayi a Chigwirizano anaimba, ena analira chifukwa ankawakondadi.

Kenako inafika nthawi ya maumboni. Woyamba anali a Cliff, makaniko wa ku Chelstone. Anafotokoza mmene ankagonera m'ngalande m'tauni ali mwana, mmene ankanunkhizira guluu kuti asamve njala, ndi mmene Amayi Njovu anamunyamulira m'mawa wina akunjenjemera ndi malungo. Bambo wamkuluyo analira ngati mwana. Tenti yonse inaimirira, nthungululu zili wewewe, ndipo mzungu wina wa kutsogolo anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

Imelda anali atakhala ndi mnzake wa m'kalasi, Abby Daka. Abby anasuzumira papepala la Imelda n'kumugunda ndi chigongono.

"Iwe, pambuyo pa ija uzakamba za nsapato? Azagona anthu, mwandi."

Imelda anayang'ana kumene kunali a Hector. Iwo anamutsinzinira diso n'kudzigunda pachifuwa, kumukumbutsa za mumtima zija.

4. Pepala lipindidwa

Pamene dzina lake linkaitanidwa, nthawi ya chakudya inali itayandikira. Amayi a Chigwirizano anali atayamba kale kuzungulira matebulo ndi mabeseni ndi majagi a madzi ofunda, kusambitsa alendo m'manja.

Imelda anayamba kuwerenga Chingerezi chake cha papepala. Chinali chabwino ndithu, koma anthu anali ndi njala ndiponso misozi yawo inali itathera kwa a Cliff. Ena anayamba kunong'onezana, ena kutsegula mafoni. Bambo wina wa suti anayasamula osatseka n'kukamwa komwe. Kwa mtsikana wozolowera kuti akatsegula pakamwa holo yonse imakhala zii, zimenezi zinamuwawa kwabasi.

Anayang'ana Amayi Njovu, okalamba, ofooka, atakhala okha pansi pa chinsalu chija. Chikondi chinamudzadza pamodzi ndi mkwiyo. Anthu awa akuyasamula, osadziwa kuti mayiyu ndani? Apa m'pamene anapinda pepala lake kanayi n'kuliika m'thumba la yunifolomu. Anasiya Chingerezi n'kuyamba kulankhula Chinyanja cha kunyumba.

"Zimene ndawerengazi n'zoona, koma si zonse. Ine Amayi Njovu sanangondigulira nsapato ayi. Ananditola. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndili ndekha ku Makeni, ndikugona pakhonde la aneba. M'mutu munali nsabwe, miyendo ili mbuu. Bambo anga anali atamwalira."

Phokoso linatha. Mafoni amene anali pansi anakwezedwa m'mwamba n'kuyamba kujambula. Amayi Njovu anadzutsa mutu n'kukweza dzanja pang'ono, kumuletsa. Imelda analiona dzanjalo. Analiona ndithu, asakunamizeni munthu. Koma maso mazana atatu anali pa iye tsopano, ndipo akulu anati chakomachakoma pusi anagwa chagada.

"Mufunsa kuti amayi anga anali kuti? Anali m'ndende! Anatenga mphete ya abwana awo kuti agulire bambo anga mankhwala, ndipo anawamanga chaka chathunthu. Amayi Njovu anawapeza kumeneko atapita kukagawa sopo, akulira kuti mwana wanga ndamusiya yekha. Tsiku lomwelo anabwera ku Makeni kudzanditenga. Anandimeta ndi manja awo, anandisambitsa, anandigoneka pabedi pawo. Amayi anga atatuluka, anawapezera malo ku Soweto. Lero amayi anga, a Cathy Soko, ndi munthu pakati pa anthu, ndipo mawa avala bulawuzi ya Chigwirizano. Ameneyu ndiye mayi amene tikutsanzikana naye!"

Anthu anaimirira. Kuwomba m'manja kwake kunaposa kwa a Cliff kuja. A Hector ankadumphadumpha kumbuyo. Imelda anamwetulira misozi ikutsika, n'kuyamba kufunafuna nkhope ya amayi ake kuti akondwere nawo limodzi.

Anawapeza pa tebulo lachiwiri. Anali atagwada ndi beseni, akuthira madzi m'manja mwa amayi busa a kutchalitchi kwawo. Jagi inali ikadapendekeka, madzi akusefukira m'beseni n'kumanyowetsa siketi yawo, iwo osamva. Tebulo limenelo silinkawomba m'manja. Amayi onse a Chigwirizano ankayang'ana a Cathy.

Ndiye mayi wina wa patebulopo, mwina osaganiza n'komwe, anatambasula dzanja n'kutenga chikwama chake chimene chinali pampando pafupi ndi a Cathy, n'kuchiika pamiyendo pake.

A Cathy anaona. Anaika jagi pansi bwinobwino, anaimirira, anapukuta manja pa chitenje, n'kutuluka m'tentimo osathamanga, osatembenuka.

Kalanga ine! Kumwetulira kwa Imelda kunathera pomwepo.

5. Mawu otsiriza a Amayi Njovu

Imelda anafuna kuwatsatira, koma anthu anamutchinga, wina kumukumbatira, wina kumugwira chanza, wina kufuna kujambulitsa naye. Pamene ankafika pageti, mlonda anamuuza kuti mayi wa siketi yonyowa wakwera kale minibasi. Anabwerera m'tenti n'kupeza Amayi Njovu ataimirira kutsogolo kuti ayankhe.

"Ndinakonza mawu ambiri, koma ndawasiya," anatero ndi mawu otsika. "Zikomo chifukwa cha ulemu umene mwandipatsa. Zaka makumi atatu sindinagwire ndekha ntchito imeneyi, ndipo ambiri amene anandigwira mkono ali m'manda. Koma lero mtima wanga si wa phwando. Mwandibweretsera mphatso zambiri, ndaziona apo. Ine ndikupempha imodzi. Amene mwajambula mwanayu akulankhula, fufutani. Musatumize kwa munthu. Mayi amene mwamva dzina lake wakusambitsani m'manja lero lomwe. Ndamudziwa zaka zisanu ndi zinayi. Ndikadwala amagona m'nyumba mwanga, ndipo sindinasowepo ngakhale supuni. Ngati mawa mukamuyang'ana ndi diso lina, ndiye kuti zonse mwanena za ine m'mawa uno zinali zongosangalatsa pakamwa."

Ena anaweramira mafoni awo mwamanyazi, koma ambiri anali atatumiza kale.

"Ndipo iwe Hector, mwana wanga, ofesi ndakusiyira ndi mtima umodzi. Ndikudziwa kuti ukuopa kuti opereka thandizo athawa ine ndikachoka. Mantha amenewo ndinali nawo inenso chaka chilichonse. Koma ukafuna misozi ya olemera, usamaigule ndi manyazi a osauka. Munthu amene wabwera kwa ife wataya kale zambiri. Chimene watsala nacho ndi nkhope yake, ndipo tikamulanda imeneyo sitinamuthandize. Ndatha."

Keke sanadule, mphatso sanatsegule. Anatenga ndodo yawo n'kudutsa pakati pa matebulo. A Hector anawathamangira nkhope itagwa.

"Amayi, sin'nazibe. Nikanaziba sembe..."

"Sunadziwe chifukwa sunayenere kudziwa," anawadula. "Bwerera, ukadyetse alendo ako. Imelda, tiye."

M'kagalimoto kawo kakale Imelda anangoti kukhala, kulira kunayamba. Amayi Njovu anamusiya alire mpaka atadutsa Woodlands.

"Ndinkafuna kukuthokozani chabe," anatero Imelda akusisima. "Anthu sankamvetsera. Ndinkafuna adziwe."

"Adziwe za ine, kapena akuwombere m'manja iwe? Usandiyankhe msanga, udzadziyankhe wekha. Mwina zonse ziwiri zinalipo. Ine sindikukayika kuti umandikonda. Koma taona chimene wachita: wafuna kundiveka ine nsalu, ndipo nsaluyo wavula amayi ako pagulu. Ndinakuuza Lachinayi. Amayi ako ndikhulupirira anakuuzanso. Ndinakweza dzanja, unaliona. Ana a masiku ano mwaphunzitsidwa kuti chilichonse chili mumtima chiyenera kutuluka, ndipo chikatuluka anthu ambiri ali pomwepo ndiye kulimba mtima. Ayi. Nthawi zina kulimba mtima ndi kuima kutsogolo, anthu akuyasamula, iwe n'kumaliza kapepala kako n'kukakhala pansi. Ukanatero bwenzi pano amayi ako akugawa mpunga akuimba. Madzi akatayika saoleka, Imelda. Chatsala n'chakuti tiwapeze."

6. Ku Intercity

Ku Kabwata anapeza chitseko chili ndi loko. Mneba wawo, amake Kayla, anali panja akuanula zovala.

"Abwela manje-manje, atenga chola, ayenda," anatero. "Akuti kuli malilo ku Katete. Koma nkhope yeve siinali bwino. Nanga n'zoona izi zili pa foni?"

Uthenga unali utafika kale ku Kabwata iwo asanafike. Amayi Njovu anatembenuza galimoto n'kulunjika m'tauni.

Kusiteshoni ya mabasi ya Intercity kunali piringupiringu wa masiku onse. Anyamata oitanira mabasi anawazungulira asanatsike n'komwe. "Chipata! Katete, Petauke! Mami bwelani, yasala pang'ono kuzula!" Onyamula katundu ankakankha mawilibala, ogulitsa mabanzi ndi machaja ankakuwa, utsi wa dizilo uli tolo. Imelda anathamanga basi ndi basi akusuzumira m'mawindo, Amayi Njovu akutsimphina pambuyo ndi ndodo yawo.

Anawapeza m'basi yomaliza yopita ku Katete, injini italira kale. A Cathy anali pawindo, chola pamiyendo, akuyang'ana mpando wa kutsogolo kwawo.

Imelda anagwada pansi pomwepo, pa simenti ya mafuta, ali mu yunifolomu yake.

"Amami! Amami, ndikhululukireni. Tsikani, chonde."

A Cathy anatsegula windo, koma maso awo anapitirira mwanayo n'kukaima pa Amayi Njovu.

"Amayi, mwasiya phwando lanu chifukwa cha ine? Pepani. Tsiku lanu lawonongeka."

"Tsika, Cathy," anatero Amayi Njovu akupuma movutikira. "Tiye kwathu ku Chelstone tikakhale pansi. Mawa ndikuperekeza ndekha kwa amayi busa. Si onse amene ali ngati mayi wa chikwama uja."

"Ayi, Amayi. Munanditola kamodzi, ndipo ndinaimirira. Kachiwiri kano miyendo ikukana. Ndikanawauza ndekha bwenzi ndikupita nditadzutsa mutu wanga. Koma amva pa chimkuzamawu, ine nditagwada ndi beseni. Ndikalowa bwanji m'tchalitchi muja mawa? Ndikakhala bwanji pa benchi Lolemba? Ndisiyeni ndipite kwathu."

"Nanga mwanayu?"

"Munamusunga chaka chathunthu ali wamng'ono. Msungeninso mpaka alembe mayeso."

Imelda anaimirira n'kugwira m'mphepete mwa windo ndi manja onse awiri.

"Amami, sindinafune kukuchititsani manyazi. Ndinkafuna kuthokoza!"

Apa m'pamene a Cathy anamuyang'ana koyamba. M'maso mwawo munalibe ukali, ndipo zimenezo zinamuwawa Imelda kuposa mbama.

"Wathokoza, mwana wanga. Ndamva, ndipo onse amva."

Anachotsa zala za Imelda pawindo chimodzichimodzi, mofatsa, n'kutseka. Kondakitala anamenya chitseko, basi inabwerera m'mbuyo pang'ono, kenako inakhotera kugeti. Imelda anaithamangira akuitana mpaka wonyamula katundu wina anamukoka kuti wilibala isamugunde. Basi inalowa mumsewu n'kusowa pakati pa magalimoto ena.

Anabwerera pamene panaima Amayi Njovu, mawondo ali bii ndi mafuta. Ankayembekeza kuti amukumbatira. Iwo anangomupatsa kansalu kopukutira.

"Pukuta nkhope, anthu akukuyang'ana. Kulira ulira kunyumba. Pano tamvera. Mawa 9 koloko mpingo wonse ukhala pansi, ndipo mlembi aitana mayina a ovala bulawuzi. Akafika pa Cathy Soko, pakhala chete, ndipo aliyense ayamba kuyankha mumtima mwake mmene akufunira. Wina ayenera kuimirira n'kunena kumene ali ndi chimene chawachotsa."

"Mukanena ndinu, Amayi?" anafunsa Imelda.

"Ine ntchito ndapuma lero. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuyankhira anthu, zakwana. Ndikakhala pambali pako, koma pakamwa sinditsegula. Wayamba ndiwe nkhaniyi pagulu. Ukaimirira ndiwe."